Sabata imene rada ndi setilaiti sizinagwirizane

Lolemba ndi Lachiwiri kumwamba kunali mbee, ntchito pa siteshoni yathu yoona za nyengo inali yongoyang'anira zithunzi. Setilaiti ya Meteosat, yomwe ili makilomita pafupifupi 36,000 m'mwamba, inkatumiza chithunzi chatsopano mphindi 15 zilizonse. Usiku timadalira cha infrared, chomwe chimaonetsa kuzizira kwa pamwamba pa mtambo. Pamwambapo pakazizira kuposa madigiri -60, mtambowo watalika kwambiri, timayamba kuulondola.

Lachitatu m'bandakucha rada, makina otumiza mafunde omwe amabwerera akagunda madontho a mvula, inadzaza zigamba zofiira zokhala ngati za mvula yamphamvu mozungulira siteshoni, pomwe pa setilaiti panalibe ngakhale kamtambo. Sinali mvula. Usiku wabata mpweya wozizira umatsalira pansi, wofunda n'kukhala pamwamba pake, ndiye mafunde a rada amapindikira pansi n'kumagunda mapiri ndi nyumba. Kuti titsimikize timayendetsa zithunzi zingapo motsatizana: mvula imasuntha, phiri ayi, ndipo pa Doppler, mbali ya rada yoyeza liwiro, liwiro la phiri limakhala ziro. Dzuwa litakwera zigambazo zinazimiririka zokha.

Lachinayi ndiye kunali ntchito. Cha m'ma 2 koloko masana setilaiti inaonetsa chimtambo chozizira chitaphimba dera lalikulu. Apa ndi pomwe ongoyamba kumene amathamangira kuchenjeza dera lonse. Mbali yaikulu ya chimtambocho ndi denga chabe la timiyala ta ayezi touluzika ndi mphepo ya m'mwamba, pansi pake sipagwa kanthu. Rada ndi imene inaloza pogwa mvula: kachigawo kochepa kofika 55 dBZ (muyeso wa mphamvu ya mafunde obwerera ku rada), mlingo umene timayembekezera matalala. Chenjezo tinalipereka kwa okhawo amene kachigawoko kankalowera.

Komatu nayo rada imanama. Yathu ndi ya mtundu wa C-band, mafunde ake a masentimita 5 amafooka akadutsa mvula yamphamvu, moti mtambo wina wobisala kuseri unkaoneka ngati wa mvula yowaza, chonsecho setilaiti ikuonetsa kuti ukukula. Palinso vuto la mtunda. Dziko ndi lobulungira, ndiye pa makilomita 200 mafunde otsikitsitsa, oloza m'mwamba ndi theka la digiri lokha, amakhala ali kale makilomita 4 m'mwamba. Mvula ya mitambo yaifupi kumeneko imagwa rada osaiona.

Lachisanu tinayerekeza zonsezi ndi zoyezera mvula za pansi. Zapafupi zinagwirizana ndi rada; za kuseri kwa mtambo wa matalala uja zinalemba mvula yochuluka kuposa imene rada inawerengera.