Lipoti la ulendo wa ku Nyika, kuphatikizapo nkhani ya nyemba ija

Anzanga a mu gulu lathu la banki mkhonde, a Tcheya andiuza kuti ndilembe za ulendo wa ku paki ya nyama zakutchire ya Nyika tisanakumane Lamlungu, ati nkhani zayamba kusinthasintha, aliyense akufotokoza zake ku msika ndipo ena amene anagona m'galimoto ayamba kuuza makasitomala kuti anagona panja pakati pa afisi. Ndiye ndilemba mmene zinayendera, amene sakugwirizana nazo adzakweze dzanja pa msonkhano osati kunditumizira ma voice note usiku.

Mukudziwa kale kuti tikagawana masheya timathamangira ku Nkhata Bay, kudya batala, kujambulitsa m'madzi ofika m'mawondo n'kubwerera. Chaka chino amayi Msungichuma ndi amene anakana, ati takhala mu Mzuzu muno zaka zonsezi, azungu amachoka kutali kudzadutsa pa Katoto pompa kupita ku Nyika, ife mbidzi timangoiona m'buku la mwana la sitandade 3. Mawu amenewo anatilasa ndithu, tinavomera tonse tsiku lomwelo. Kuvomera sikunavute ayi, chimene chinavuta ndi pogona.

Amene munali pa WhatsApp mukukumbuka. Ku Chelinda, komwe kuli malo ogona mkati mwa paki, kuli loji ya anthu a matumba olemera, imeneyo tinangomva mtengo wake n'kusiya osakambirananso. Kuli kampu yokhala ndi zipinda ndi machaleti, nyumba zoti mumaphika nokha ndipo mkati muli posonkha moto, ndiye kulinso malo oimika matenti omwe ndi otchipa pa onse. Azimayi ankafuna chaleti. Azibambo motsogozedwa ndi Ankolo a hadiweya ankati matenti basi, ndalama yotsala tigule nyama ndi zakumwa, ati munthu wa ku Mzuzu sangaope kuzizira, ife timasamba madzi ozizira mu June mbandakucha. Aphunzitsi anayesa kuwauza kuti Mzuzu ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,250 pomwe Chelinda ndi cha m'ma 2,300, ndipo mu June ndi July kumagwa chisanu choumitsa madzi pa udzu, Ankolo anayankha ndi sitika ya munthu akuseka. Asisi a saluni anatuluka pa gulupu, anabwezedwa, anatulukanso. Pomaliza a Tcheya anagamula ngati kholo, kuti azimayi ndi madala awiri aja alowe mu chaleti, anyamata ndi aliyense wodzimva mphamvu agone m'matenti obwereka, ndipo tinaimbiratu foni kusungitsa malo chifukwa kumeneko simungangofika usiku n'kuyamba kugogoda makomo, mukapeza kodzadza palibe lesitihausi ina pafupi yoti muthawireko.

Za galimoto ndingonena mwachidule. Achimwene athu a pa siteji anabwera ndi nzeru yoti tikwere ma Sienta awiri atichotsera mtengo, ndipo tithokoze Mulungu kuti nzeru imeneyo inafera pa gulupu pomwepo. Tinapanga hayala galimoto ziwiri zazitali za 4x4, ina ya pikapu yonyamula katundu. Mafuta omaliza ndi pa Rumphi, mukadutsa pamenepo musadalire kupezanso filing'i, ndiye tinadzadzitsa matanki ndi chigubu chapadera. Chakudyanso chimodzimodzi, ufa, mafuta ophikira, mchere, machesi, shuga, zonse zichokere kuno kapena pa Rumphi. Pa geti munthu amalipira pa tsiku ndipo galimoto nayo ili ndi mtengo wake, Amalawi timalipira yochepa kusiyana ndi alendo akunja koma nyamulani chiphaso cha unzika ndi ndalama ya m'manja.

Tinapangana kunyamuka kusanache, tinanyamuka dzuwa litatuluka, chifukwa chake mukuchidziwa ndipo wigi ija inali yokongola ndithu asisi, palibe akutsutsa. Ekwendeni, Enukweni, Bwengu, kukhota kulowera ku Rumphi podutsa pa mlatho wa Njakwa pomwe mtsinje wa South Rukuru umapanikizika pakati pa mapiri. Kuchoka Mzuzu kufika pa Rumphi ndi makilomita pafupifupi 70 ndipo mpaka pamenepo aliyense anali kuimba. Kenako Bolero, kwawo kwa a Themba la Mathemba Chikulamayembe, apo amama a ku Chiputula anatikumbutsa kuti kumeneko ndi kwa azigogo awo ndipo tizilankhula mwaulemu, kupitirira apo fumbi ndi mabampu, nyimbo zinayamba kuchepa. Rumphi kufika pa geti ya Thazima ndi makilomita ngati 55, ndiye munthu ukaona geti umati tafika, osadziwa kuti kuchoka pa geti kukafika ku Chelinda kwatsala enanso 60 ndipo simungathamange. Cha kumunsi kuno ndi nkhalango ya mitengo ya mombo, tinapeza ndowe za njovu pamsewu zikadali zaziwisi, a Tcheya anauza a dilaiva kuti asaime ngakhale wina atapanikizika bwanji. Penapake msewu umayenda m'malire enieni a Zambia, a dilaiva atanena kuti pano tapondako Zambia, Alamu anayamba kufufuza m'chikwama ati sanatenge pasipoti kkkk.

Koma mukakwera pamwamba, anthuni. Mitengo imangotha mwadzidzidzi n'kutsala mapiri a udzu okhaokha, phiri kuseri kwa phiri mpaka pomwe maso athera, opanda nyumba, opanda munda, opanda ngakhale munthu wa njinga ya makala. Ine ndinakulira ku Dedza ndimati mapiri ndimawadziwa koma zija ndi zina. Mbidzi zoyamba tinazipeza zitaima pamsewu penipeni, osathawa, zikungotiyang'ana ndi kupukusa michira, ndipo amayi Msungichuma amene timawadziwa kuti salira ngakhale pa maliro anatulutsa kansalu. Musakane amayi, tinaona tonse.

Tsopano nyemba.

Pa bajeti tinalemba kuti usiku wofikira tidya nsima ya nyemba, nyama isungidwe ya mawa lake. Ogula nyemba anali Alamu. Titangotsitsa katundu cha m'ma 3 koloko amama a ku Chiputula anazitereka mu poto wamkulu uja wa gulu, moto wa nkhuni za paini wabwinobwino, ife n'kupita kokaona damu lili pafupi ndi kampu. Kubwerako 5 koloko, nyemba gwa. Anathira madzi ena, kusonkhezera moto. 6 koloko kwada, mphepo yayamba kulowa m'mafupa, amama analawa imodzi n'kuilavulira m'manja, ati izi si nyemba ndi timiyala ta legeni. Apa ndi pomwe zinthu zinayamba kuipa, chifukwa asisi a saluni ananena mokweza kuti nyemba zosapsa chonchi ndi za chaka chatha, zija amagulitsa motchipa kuseri kwa msika, ndiye ngati zagulidwa motchipa chenji chili kuti. Alamu anaimirira, bulangete lili paphewa, ati asisi mwanditenga ngati wakuba ine, ine ndine dikoni. Asisi ati sindinatchule dzina. Alamu ati wagula nyemba ndi mmodzi yekha pano. Amayi Msungichuma anakatenga kope lija la chikuto chofiira n'kuyamba kuwerenga ndi tochi ya foni mzere ndi mzere, mpaka mtengo wa jumbo, anthu njala ili m'mimba mano akugundana, a Tcheya akungoti abale abale tili pa ulendo. Ankolo anapereka nzeru yothira soda, soda panalibe. Wina anati muike supuni mu poto zimapsa msanga, inaikidwa supuni, ina yachiwiri, palibe chinasintha. Amama anakwiya ati zaka zonse aphikira maukwati ndi zinkhoswe mu Mzuzu muno palibe nyemba inawakanikapo, pali munthu waziponda izi.

Amene anatipulumutsa ndi bambo wina wogwira ntchito pa kampupo, anabwera ndi nkhuni zina, anasuzumira mu poto n'kuseka pang'ono mwaulemu, ati amama pepani kuno nyemba timaviika usiku wonse ndipo timatereka m'mawa, alendo ambiri zimawachitikira. Ndiye Aphunzitsi, amene anakhala chete nthawi yonseyi kudikira mpata wawo, anatsokomola n'kutiphunzitsa kuti ukakwera pamwamba mpweya umapepuka ndipo madzi amawira asanatenthe mokwanira, kunyanja ya mchere amawira pa madigiri 100 koma pa mtunda ngati wa Chelinda ndi cha pa 92, ndiye poto amaoneka akubwadamuka koma moto wake mkati ndi wochepa, kuonjezera mphepo yozizira ija ikuomba poto mbali zonse. Asisi anapepesa, ngakhale kupepesa kwake kunali kwa mtundu uja woti ngati ndakulakwirani. Alamu analandira koma anati zilembedwe mu lipoti kuti nyemba zinali za chaka chino, ndiye ndi izi ndalemba Alamu, zinali za chaka chino, chenji chinakwana mpaka kakobidi komaliza. Usiku umenewo tinadya nsima ya usipa ndi mazira a m'mawa, ndipo sindinama inakoma kwambiri, mwina ndi njala. Nyemba zija zinapsa mawa lake masana ndipo amene anatenga kawiri ndi asisi omwewo.

Za usiku wa m'matenti ine ndinali momwemo ndiye ndikunena zomwe ndinaona. Tinavala chilichonse chomwe tinanyamula, juzi pamwamba pa juzi, masokosi m'manja, koma kuzizira kwake kumachokera pansi. Pakati pa usiku fisi analira chapafupi, kenako tinamva zipi ya tenti, kenako chitseko cha pikapu. M'mawa tinawapeza Ankolo a hadiweya, omwe aja osamba madzi ozizira mu June, atadzipinda pa mpando wa kutsogolo atafunda chitenje cha amama, ati amalondera katundu. Udzu wonse unali mbuu ndi chisanu ndipo madzi amene tinasiya mu beseni anali atagwira pamwamba, anyamata anajambula, chithunzi chili pa gulupu. Usiku wotsatira azibambo onse tinakagona pa balaza la chaleti mozungulira moto titalipira kaye zoonjezera, palibe anatchulanso za kusunga ndalama ya zakumwa.

Kokaona nyama tinapita ndi gaidi m'mawa kwambiri, ndipo apa ndikulangiza amene mudzapite kuti ndalama ya gaidi musaiumire, ife tokha tikanangoona udzu. Anationetsa ntchefu gulu lalikulu zikutsetsereka phiri, nyama zazikulu kuposa ng'ombe zathu koma zoyenda mofatsa, achilembwe a nkhope zakuda ndi zoyera ndi makutu ataliatali, mphoyo, njiri zikuthawa michira ili m'mwamba, mbawala m'mphepete mwa nkhalango ya paini ija yomwe inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950. Kambuku aliko ndipo ati amaoneka kawirikawiri madzulo, ife sitinamuone kupatula Achimwene a pa siteji amene akuumirira kuti anaona mchira. Ofuna mikango konzekani za ku Liwonde kapena Majete, Nyika si ya zimenezo. Tinafikanso pa nyanja yaing'ono ya Kaulime yomwe makolo a kumeneko ankailemekeza ngati malo a mizimu, amama anatiletsa kuponyamo mwala ndipo palibe anatsutsa.

Zomwe tinaphunzira kwa akuluakulu a paki, poti a Tcheya akufuna zilembedwe: Nyika ndi paki yoyamba m'Malawi, inakhazikitsidwa mu 1965 n'kukulitsidwa mu 1978, nthawi imene midzi ina inasamutsidwa, ndipo ndi yaikulu pa onse, masikweya kilomita oposa 3,000. Nsonga yake yaitali ndi Nganda, mamita opitirira 2,600. Kuli mitundu ya mbalame yoposa 400 ndi maluwa a orchid mitundu yoposa 200 omwe amaphuka nthawi ya dzinja, koma nthawi imeneyo msewu umaterera. Mu 2017 anabweretsako njovu 34 kuchokera ku Liwonde, ndipo kuyambira 2023 boma likuyendetsa Nyika ndi malo osungirako nyama a Vwaza mothandizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation. Mavuto awo akulu ndi opha nyama mozemba ndi moto wolusa. Aphunzitsi analemba zambiri, ofuna akabwereke kope lawo.

Kuthokoza: a Tcheya potipirira, amayi Msungichuma pa ganizo lonseli ndi kope lofiira, amama a ku Chiputula pa nsima ndi chitenje, a dilaiva athu awiri amene anasintha tayala pa fumbi pobwerera osadandaula, Aphunzitsi pa sayansi ya nyemba, madala awiri aja potisungira malo pa moto, ndi amuna ndi akazi athu amene anatsala akuyang'anira mabenchi ku msika. Yewo chomene nonse. Amene simunapite chifukwa mumati ndi za azungu, zithunzi mwaziona, ndipo musatifunsenso kuti nyama yake mwatibweretsera, kumeneko ngakhale duwa sathyola.

Pa msonkhano wa Lamlungu pali nkhani ziwiri. Yoyamba, ena akuti chaka chamawa tipite ku Vwaza chifukwa ndi kufupi, kotentherako, ndipo mvuu ndi njovu zimabwera zokha pa nyanja ya Kazuni, ena akuti tibwerere ku Nyika nthawi ya maluwa, tidzavota. Yachiwiri, anthu atatu simunamalize ndalama ya chaleti yoonjezera ija ndipo chivundikiro cha poto wa gulu sichikuoneka, chinakwera pikapu pa Chelinda koma pa Katoto sichinatsike. Ankolo, inu ndi amene munkalondera katundu, mubwere ndi yankho.