Msambo ukamajomba chifukwa cha PCOS

Mayi watha miyezi inayi osasamba, wayezetsa kawiri koma mimba palibe, kumaso ziphuphu zili mbwee, pachibwano pakumera tindevu. Kumudzi ena akuti magazi aundana, akamwe zitsamba zotsuka m'mimba. Kawirikawiri vuto limakhala PCOS, nthenda ya kusokonekera kwa mahomoni, imene imagwira pafupifupi mkazi mmodzi mwa 10 alionse a msinkhu wobereka.

Gwero lake ndi dzira losatuluka mwezi ndi mwezi. Homoni ya estrogen imangokulitsa khungu la m'kati mwa chiberekero, pamene progesterone, yomwe imabwera dzira likatuluka n'kuletsa khungulo kukula mopyola, palibe. N'chifukwa chake msambo ukadzabwera umadza ngati chigumula, wa magazi oundana, mpaka masabata awiri. Khungulo likakhala lokhuthala zaka zambiri limatha kusanduka khansa ya m'kati mwa chiberekero. Imeneyi si ya khomo la chiberekero ija amayeza ndi VIA, choncho VIA yabwino isakupusitseni. Cholinga chachikulu cha mankhwala ndi chimenechi: musapyole masiku 90 khungulo lisanayoyoke, pokhapokha ngati muli pa mankhwala olipepukitsa.

Musanamwe kalikonse, akuyezeni mimba, BP, sikelo ndi shuga, ndipo ngati n'kotheka chithokomiro ndi prolactin (homoni ya mkaka wa m'mawere), chifukwa nazonso zimasokoneza msambo. Malamulo amene akatswiri anagwirizana ku Rotterdam mu 2003 amafuna zizindikiro ziwiri mwa zitatu kuti atsimikize kuti ndi PCOS: msambo wojomba, zizindikiro za mahomoni achimuna ochuluka, ndi timatumba tambiri m'thumba la mazira pa sikani. Sikani payokha si umboni, makamaka kwa mtsikana amene wangotha msinkhu kumene. Popita ku Zomba Central Hospital, lembani kumapeto kwa kabuku ka kuchipatala masiku amene munasamba m'miyezi 6 yapitayi. Kapepala kameneko kamathandiza dokotala kuposa kunena kuti "ndimangosamba mwa apo ndi apo."

Kwa amene sakufuna mimba panopa, mankhwala oyamba ndi mapiritsi olerera a mahomoni awiri, monga Microgynon amene amaperekedwa ku kiliniki ya kulera ngati ya ku Matawale. Paketi imakhala ndi mapiritsi 28. Oyamba 21 ali ndi mahomoni, lililonse ma microgram 150 a levonorgestrel ndi 30 a ethinylestradiol. Otsiriza 7, ofiirira aja, alibe mahomoni, ndipo magazi amabwera mukafika pamenepo. Limodzi patsiku, nthawi yomweyomweyo, paketi ikatha mawa lake kuyamba ina. Popeza msambo wanu sudziwika tsiku, musaudikire: mimba ikapanda kupezeka yambani, n'kugwiritsa kondomu masiku 7 oyambirira.

Ambiri amalekeza m'miyezi itatu yoyamba. Kudontheza magazi pakati pa paketi, nseru ndi kuwawa kwa mabere zimachitika ndipo kawirikawiri zimatha zokha. Kumwa piritsi usiku mutadya nsima kumachepetsa nseru. Ziphuphu zimayamba kuzilala pakatha miyezi itatu, koma tsitsi la pachibwano limafuna miyezi 6 kapena kuposa, ndipo lomwe linamera kale silithothoka lokha. Mukaiwala limodzi, imwani mukangokumbukira, ngakhale akhale awiri tsiku limodzi. Mukaiwala masiku awiri kapena kuposa, pitirizani koma kondomu masiku 7. Mukasanza pasanathe maola awiri, imwani lina. Zoti mapiritsi amaunjikana m'mimba n'zabodza, amasungunuka ngati Panado.

Si onse oyenera estrogen, ndipo apa m'posachitira chibwana. BP yofika 140/90 ndi chenjezo kale, ya 160/100 ndiye ayi ndithu. Chimodzimodzi mutu waching'alang'ala umene umayamba ndi kuona ting'anima kapena dzanzi, kusuta fodya muli ndi zaka 35 kapena kuposa, khansa ya m'mawere, matenda a chiwindi, ndi amene magazi anaundanapo m'mitsempha. Mwendo umodzi ukatupa n'kumawawa, kapena mukabanika pachifuwa, siyani mapiritsi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Rifampicin wa TB, komanso carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone a khunyu, amafooketsa mapiritsiwa. Ma ARV a dolutegravir sasokoneza.

Amene sayenera estrogen, kupatula a khansa ya m'mawere ndi a matenda aakulu a chiwindi, amapatsidwa progestogen yekha, mankhwala ogwira ntchito ngati progesterone. Njira yodziwika ndi medroxyprogesterone 10 mg tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, kubwereza mwezi uliwonse kapena osapyola miyezi itatu. Magazi amabwera masiku 2 mpaka 7 mutamaliza. Akapanda kubwera, bwererani akayezenso mimba. Dziwani kuti njira imeneyi siletsa mimba, ndipo dzira la PCOS limatuluka mosalawira. Lupu ya mahomoni imateteza chiberekero zaka zingapo, ndipo kusasamba muli nayo si vuto, popeza khungulo lapepuka. Lupu ya kopa ilibe homoni, ntchito imeneyi siigwira. Depo amateteza khungulo, koma ine sindingamuike patsogolo kwa wa PCOS: amanenepetsa ena, ndipo mukamusiya kubereka kumachedwa kubwerera miyezi ingapo.

Magazi obwera pa mapiritsi si umboni woti dzira likutuluka, ndipo PCOS siinathe. Mukasiya, msambo umabwerera mmene unalili, anthu n'kumati mapiritsi aononga chiberekero pamene anangophimba vuto lakale. Wofuna mwana amafunika mankhwala ena otulutsa dzira, letrozole 2.5 mg kapena clomiphene 50 mg kwa masiku 5 kumayambiriro kwa msambo, moyang'aniridwa ndi dokotala, bambo nawonso atayezetsa umuna.

Metformin si homoni, koma amathandiza amene thupi lawo silimvera insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi. Amayamba ndi 500 mg pa chakudya, kukweza pang'onopang'ono sabata ndi sabata; kuthamangira mlingo waukulu ndiko kumatsegula m'mimba. Kwa onenepa, kutsitsa thupi ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 kumatha kubwezeretsa msambo. Kwa mayi wa makilo 80 amenewo ndi makilo 4 mpaka 8: kuchepetsa mitanda ya nsima yoyera, zakumwa zotsekemera ndi shuga wa mu tiyi, komanso kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, kusiya kabaza pa mtunda waufupi.