Wilo yolembedwa maliro ataikidwa kale

Ntchito yanga ndi yotaipa makalata ndi kujambula mapepala pa kashopu kanga pafupi ndi boma. Mwezi watha kunabwera bambo wina wachikulire, jekete yakuda, pepala la m'kope lopindapinda m'thumba. Akuti ndiwataipire wilo ya achimwene awo, koma deti ndiike ya chaka chatha. Nditafunsa kuti eni ake ali kuti, anatsitsa mawu: "Anatisiya, mwanangu. Koma izi ndi zomwe ankanena ali moyo." M'pepalamo, nyumba ya malata ndi chigayo zinalembedwa kuti zipite kwa bambo anabwerawa. Mayi wamasiye ndi ana sanatchulidwe n'komwe.

Ndinakana, ndipo anachoka akung'ung'udza kuti ndi nkhani ya pabanja.

Si ya pabanja ayi. Malamulo athu a milandu, Penal Code, amaika wilo yabodza gulu limodzi ndi ndalama zachinyengo, cheke chabodza ndi mapepala abodza a umwini wa malo, ndipo chilango chake chimatha kufika pokhala kundende moyo wonse. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti amene wanyamula pepalalo kupita nalo kwa DC kapena kubanki, akudziwa kuti ndi lopeka, mlandu wake ndi wofanana ndi wa amene analemba. Kunena kuti "ine anangondituma" sikupulumutsa munthu. Palinso lamulo la 2011 loona za chuma cha masiye, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1967: kulanda katundu wa masiye ndi mlandu pawokha, ngakhale popanda pepala lililonse.

Musaganize kuti ndi umphawi umachititsa. Ku Hong Kong, Tony Chan anagamulidwa zaka 12 mu 2013 chifukwa chopeka wilo ya Nina Wang, mayi wolemera kwadzaoneni amene anamwalira mu 2007.

Chimandinyansa ine n'chakuti bodza lotere limadalira mantha a mayi amene akadali pa chisoni, woti sangayerekeze kufunsa alamu ake kuti siginecha iyi ndi ya yani. Pomwe wilo yeniyeni imafuna mwini wake asaine kapena adinde chala pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine. Mbonizo kukhoti zimafunsidwa payekhapayekha: munali kuti, tsiku lanji, analipo ndani. Anthu ogwirizana bodza pa siwa kawirikawiri amasemphana pa mafunso ang'onoang'ono ngati amenewa.