Chimanga chipite m'thanki ya galimoto?

Abale anga a ku Mbare ndi ku Highfield kuno ku Harare, dzulo mu kombi yochokera ku Copacabana tinatsutsana mpaka kondakitala anaiwala kubweza chenji. Nkhani yake ethanol, mafuta ochokera ku mbewu amene amasakaniza ndi petulo.

Bambo wina amati titengere chitsanzo ku America, kumene mafuta amenewa amawapanga ndi chimanga. Sananame. Amachigaya, n'kuchisasitsa ngati masese, kenako n'kutcheza ngati kachasu, kungoti womwa wake ndi injini. Chikhazikitsireni lamulo lawo losakaniza mafuta mu 2005, petulo wambiri kumeneko amakhala ndi ethanol magawo 10 pa 100, ndipo chimanga choposa gawo limodzi mwa magawo atatu chimathera komweko. Zotsala amadyetsa ng'ombe.

Ine ndinakana. Chilala cha 2024 tachiiwala kale? Ufa unativuta kuno, ndiye nsima ya ana tikaithire m'galimoto?

Komanso zoti ethanol wa chimanga amachepetsa utsi musangozimeza. Feteleza, dizilo wa mathirakitala ndi moto wa kufakitale nazonso zimatulutsa mpweya woipa, phindu lake n'kutsala lochepa. Nzimbe ndiye ziliko bwino, chifukwa zikafinyidwa zotsala zake zimasanduka nkhuni za pafakitale pomwepo. Ethanol wathu kuno ku Zimbabwe ndi wa nzimbe za ku Chisumbanje ndi ku Triangle, ndipo kusakaniza kunakhala kokakamiza mu 2013. Kumudzi ku Malawi anayamba kalekale, 1982, ku Dwangwa.

Dalaivala anangoti: "Atate, ine changa n'chakuti thanki imatha msanga." Akunena zoona, lita ya ethanol ilibe mphamvu ngati ya petulo.