Kukwatira ndi kukwatiwa m'Chilatini

Pa nkhani iyi ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi. Ngakhale mwana wa ku Ndirande amadziwa kuti mwamuna amakwatira pomwe mkazi amakwatiwa, ndipo Chilatini chimasiyanitsanso chimodzimodzi. Chingerezi chili ndi mneni mmodzi wa onse awiri, n'chifukwa chake ophunzirira m'mabuku a Chingerezi amaphonya pamenepa.

Mwamuna akakwatira, Aroma ankati uxorem ducere kapena in matrimonium ducere. Ducere ndi kutsogolera. Madzulo a tsiku laukwati ankaperekeza mkwatibwi ndi miuni mpaka kunyumba kwa mwamuna, chitengwa chenicheni, osati chikamwini chimene tinazolowera kuno kummwera. Dzina la mkazi limakhala mu accusative, maonekedwe a dzina la wochitiridwa chinthu: Cicero Terentiam uxorem duxit, kutanthauza kuti Cicero, mlembi wa ku Roma, anakwatira Terentia.

Mneni wa mkazi ndi nubo, nubere, nupsi, nuptum. Tanthauzo lake loyambirira ndi kudzifunda nsalu, chifukwa mkwatibwi ankafunda kumutu nsalu ya mtundu wa lawi la moto yotchedwa flammeum. Apa ndiye Chichewa chimatipusitsa. Poti timati "anakwatiwa ndi Cicero", dzanja limathamangira kulemba a Cicerone ngati mkaziyo akuchitiridwa chinthu. Ayi. Pa nubere wochita ndi mkaziyo, akudzifunda kaamba ka mwamuna wake, choncho mwamunayo amalowa mu dative, maonekedwe a dzina osonyeza "kwa" kapena "kaamba ka": Terentia Ciceroni nupsit. Ciceronem, accusative, ndi cholakwikanso. Lowezani chiganizo cha Terentia Ciceroni nupsit chathunthu, chimathandiza kuposa kuloweza lamulo.

Mwamuna wapabanja ndi maritus kapena vir. Vir ali ngati mawu athu akuti mwamuna: amatanthauza munthu wamwamuna aliyense, komanso mwamuna wa uje. Mayina a Chilatini ali m'magulu malinga ndi mmene amasinthira kumapeto, ndipo vir ali m'gulu lachiwiri ngakhale sathera ndi -us monga maritus: vir, virum, viri, viro. Musasokoneze viri, amuna, ndi vires, mphamvu.

Uxor, uxoris ndi mkazi wapabanja, gulu lachitatu. Mayina ambiri othera ndi -or ndi achimuna, koma ili ndi lachikazi, ndiye mkazi wabwino timati uxor bona, osati bonus.

Mawu amene ndimawakonda ndi coniunx, coniugis. Amagwira kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo ndi pachibale ndi iugum, goli la ng'ombe: awiri omangidwa goli limodzi. Onani kuti n wachiwiri uja amasowa mu coniugis, coniugi, coniugem.

Mwambo waukwati ndi nuptiae, ndipo nthawi zonse amakhala mochulukitsa, ngakhale ukwati uli umodzi. Dos, dotis, chuma choperekedwa paukwati, musamamasulire kuti malowolo, chifukwa chuma chimenechi chinkachokera kwa makolo a mkazi kupita kwa mwamuna.