Mmene ndimakumbira dzenje lamdima pambali pa nyenyezi

Nyenyezi yonga dzuwa imawala kuposa pulaneti longa dziko lathu maulendo pafupifupi 10 biliyoni. Kuti pulanetilo lioneke pachithunzi, kuwala kwa nyenyeziyo kuyenera kuphimbidwa, ndipo chipangizo chake ndi coronagraph. Mu labotale momwe timayesera chipangizochi, nyenyezi yathu imakhala kadontho ka kuwala kwa leza (laser).

Ndimayamba ndi kutseka thanki yomwe muli zipangizo zathu, kupopa mpweya wonse, n'kudikira mpaka zitsulo zitasiya kufutukuka ndi kunyala. Kenako ndimalunjikitsa kadonthoko pakati penipeni pa chophimba cha coronagraph.

Apa mpamene pali ntchito. Telesikopu ikakhala mumlengalenga sikhala phee ayi: mawilo oiwongolera amainjenjemeretsa, ndipo ife timaika dala kunjenjemera koteroko. Kuwala komwe chophimba chakana sititaya. Timakutumiza ku kamera ina yomwe imaona nyenyezi ikasuntha, n'kulamula kagalasi kothamanga kuti kaibwezere pamalo pake. Nyenyezi ikapanda kukhazikika, sindipita patsogolo.

Ikakhazikika, pachithunzi pamatsalabe timadontho ta kuwala mbwee, tobwera chifukwa cha zolakwika zing'onozing'ono za magalasi. Vuto lake n'lakuti kadontho kotere sikasiyana ndi pulaneti. Ndiye ndimatembenukira ku magalasi awiri otha kupindika. A pa telesikopu ya Nancy Grace Roman ya NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, ali ndi timapisitoni topitirira 1,600 kumbuyo kwa galasi lililonse. Ndimapinda galasi pang'ono mwadala, kujambula, kulipindira kwina, kujambulanso. Kompyuta imayerekeza zithunzizo n'kupeza mapindidwe oti kuwala kufafanize kuwala kunzake. Timabwereza mobwerezabwereza, ndipo mdima ukamakula chithunzi chilichonse chimafuna nthawi yaitali. Gawo limeneli ndimalikonda kwambiri: timadontho timazima mpaka patsale dzenje lamdima.

Koma kwa ine, kukumba dzenjelo n'kosavuta poyerekeza ndi kulisunga. Kutentha kukasintha pang'ono chabe, galasi limasuntha ndipo timadontho timabwerera. Telesikopu ya James Webb, ya magalasi 18, amaiyeza pafupifupi masiku awiri alionse, koma telesikopu ya Habitable Worlds Observatory yomwe ikukonzedwa idzafunika kukhazikika pa muyeso wa mapikomita, wochepera atomu imodzi. N'chifukwa chake dzenje likatheka sindizimitsa kamera yoyang'anira ija. Ndimasintha dala kutentha kwa benchi yomwe pakhala magalasiwo, n'kuona ngati magalasi akukonza okha kujambula kusanathe.