Mfuti ya alamu ndi chipsera changa

Chipsera chili pansidze ya diso langa lamanjali ndakhala ndikuchinamizira njiri. Ana kwathu ku Dedza amadziwa kuti amalume analimbana ndi njiri yovulala ku Limpopo, njiri nkuthawa. Koma poti alamu anga anaulula kale, bola ndinene ndekha mmene zinayendera.

Ndagwira ntchito zaka 9 pafamu ya nyama zakutchire kufupi ndi Lephalale. Ntchito yanga ndi kusenda nswala, ngoma, nyumbu, kenako kudula nyama ya biltong. Mfuti ndimazigwira ndithu, koma zili m'zikwama, kuzichotsa pagalimoto kukazisiya m'nyumba. Kungoti ndikafika kumudzi pa Khirisimasi nkhani imafufuma, mukuwadziwa anthu a ku Joni. Komanso poyambira ndinali napo. Agogo anga aamuna anali msilikali wa KAR (King's African Rifles), analembedwa ku Zomba nkukamenya nkhondo ku Burma mu 1944, ndipo mpaka ukalamba wawo ankaguba pabwalo ndi mpini wa khasu kutionetsa kagwiridwe ka thiri-noti-thiri. Choncho m'mutu mwanga mfuti zinalipo mitundu itatu basi: gogodela, AK, ndi thiri-noti-thiri. Iliyonse ya mtengo wosalala inkalowa m'gulu lachitatulo.

Alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga, ndi owerengera ndalama ku Johannesburg, ndipo mapepala a dziko lino ali nawo onse. Anzawo akuntchito anawakopa kuti ayambe ulenje. Anachita maphunziro, nkupeza satifiketi yakupolisi imene lamulo la mfuti la 2000 limafuna munthu asanapemphe laisensi. Tsiku lina foni inalira.

"Alamu, pali mdala wina kufupi ndi kwanuko akugulitsa mfuti R18,000, akusamukira kwa ana ake ku Pretoria. Akuti ndi yochita kupangitsa, osati ya m'sitolo. Inu ndinu kadaulo, mukandionere."

Munthu wanzeru akanati Loweruka ndili pantchito. Ine ndinati, "Musadandaule alamu, ine mfuti ndimaidziwa ndi fungo lomwe."

Tinawapeza mdalawo pakhonde, kabudula wa khaki, kaliwo kukamwa. Aliyense kumeneko amawatchula Oupa. Anatulutsa mfuti mu sefa, nkutsegula bolt, kachitsulo kokankhira chipolopolo mumpope, kutionetsa kuti mulibe chipolopolo, nkuiika patebulo. Kunena zoona inali yokongola. Mtengo wake wa walnut unali ndi mizere ngati uchi wothira m'tiyi, pogwirira anachekacheka timadayamondi ting'onoting'ono ndi manja, kunsonga kwa mtengowo kuli kachidutswa kakuda bii, pamwamba pali sikopu, galasi loonera patali polozetsa. Alamu anandiyang'ana. Ndinapinda manja a malaya.

"Thiri-noti-thiri yabwino iyi," ndinatero, m'Chingerezi kuti Oupa amvenso.

Oupa anachotsa kaliwo. Anafunsa modekha kuti nanga kabokosi ka zipolopolo 10 kamene kamalendewera kunsi kwa Lee-Enfield, yomwe ndi thiri-noti-thiri yeniyeniyo, kapita kuti. Ndinasuzumira kunsi. Kunali kosalala ngati pamimba pa chule.

"Ndimangokuyesani alamu, ndione ngati munaphunziradi," ndinatero m'Chichewa.

Ndinatembenuza mfuti kufunafuna chondipulumutsa, ndipo kumanzere kwa chitsulo ndinaona zilembo: Mod. 98. Mtima unakhala pansi. Izi ndiye ndinkazidziwa, magalimoto ndagulitsako.

"Alamu, mwayi wanu. Iyi ndi 98 model. Ndi yaing'ono kwa Corolla yanu ija."

Oupa anatsamwa utsi. Atatha kutsokomola anafotokoza kuti 98 yo ndi 1898, chaka chimene asilikali a Germany anayamba kugwiritsa ntchito mfuti ya Paul Mauser. Chitsulo chapakati cha mfuti imeneyi, chomwe chimagwira bolt, chinasulidwa mu 1942, nkhondo ili mkati. Anati pansi pa tizitsulo togwira sikopu palembedwa "byf", zilembo zobisa zimene zinkaimira fakitale ya Mauser ya ku Oberndorf. Anandilozeranso kachiwombankhanga kodinda pachitsulo, kochepa ngati njere ya mpunga. Ine ndinali nditakaona kale koma ndimayesa dzimbiri. Ndinasempha ndi zaka 100 zokha.

Apa ndinafunika kugoletsa chimodzi. Ndinakumbukira kuti alenje enieni amachotsa bolt nkusuzumira mumpope molozetsa kowala. Ndinakoka kachitseko kakumanzere, bolt inatuluka bwinobwino, ndipo alamu anagwedeza mutu mosilira. Ndinasuzumira. Mdima wa ndiwe yani.

"Mpope watha uwu," ndinalengeza. "Wadyeka ndi dzimbiri. Tikuchotsapo R5,000."

Oupa sananene kanthu. Anangotambasula dzanja nkumatula kachidutswa ka tepi yakuda kamene anamata kukamwa kwa mpope, kuti mavu asamangemo nyumba zadothi. Nditasuzumiranso, maso anachita kuthobwa. Mkati munali mbee, timizere topota tija tili tchutchutchu kuyambira kumayambiriro mpaka kunsonga.

Manyazi amafuna chogwira m'manja. Ine ndinagwira bolt. Pamene Oupa ankauza alamu kuti malo oyamba kupsa ndi pakhosi pa mpope, pomwe moto wa onga umayambira, komanso kuti mlomo wa mpope ukangoswekako pang'ono zipolopolo zimamwazika, ine ndinkaseweretsa bolt pansi pa tebulo. Chala chinadina kabatani kena, dzanja linapotoza kumbuyo kwake, ndipo inangoti kha! Ndinayesa kuibwezera mumfuti. Inakana. Ndinaitembenuza, ndinaipuzira mpweya, ndinaipukuta ndi malaya. Inakanabe. Thukuta linayenderera mpaka m'masokosi. M'mutu ndinayamba kugawa R18,000 ndi malipiro anga, ndipo zinkatuluka miyezi yosadya.

"Alamu, mwathyola?" ananong'ona alamu.

"Ndikuyesa sipuling'i," ndinayankha.

Oupa anailanda, nkukoletsa kadzino kake m'mphepete mwa tebulo, kukoka, kupotoza, basi yalowa. Anati ndinangoitsitsa sipuling'i ili panja, ndipo wofuna kumasula bolt ya Mauser amayamba waimika kambendera ka sefite pakati. Ananena ngati akuuza mdzukulu kuti nsapato wavala mophonya.

Kenako alamu anafunsa funso limene ine ndinayenera kuyambira: kodi mfutiyi imadya chipolopolo chanji? Apa mpamene ndinamvetsa tanthauzo la mfuti yochita kupangitsa. Ili ngati minibasi za kwathu zija, bodi ina, injini ina, mipando ya kwa kalipentala. Chitsulo chapakati chinabadwa chikudya 8x57 ya asilikali. Mmisiri wina anachotsa mpope wankhondo nkuikapo watsopano, anapinda chogwirira cha bolt kuti chisamagunde sikopu, wina nkusema mtengo. Dzina lolembedwa pachitsulo limangokuuza kumene chinasulidwa. Kukula kwa chipolopolo kumalembedwa pampope, ndipo apa panali 9.3x62, manambala ofufutika theka, amene ine ndinawadutsa katatu. Oupa anati chipolopolo chimenechi anachipanga Otto Bock wa ku Berlin mu 1905, poganizira Ajeremani okhala m'madera awo a mu Africa, ndipo mutu wake wodziwika umalemera magalamu 18.5, wokwana kugoneka ntchefu.

Ndiwayamikire mdala uja, sanafune kutibera. Anauza alamu kuti ngakhale zolemba pampope asazikhulupirire msanga, poti pali mfuti zimene anazikuza mkati koma osasintha manambala. Apite nayo kwa mmisiri wa mfuti akathire msakanizo wofewa wa mtovu ndi zitsulo zina, wosungunuka ndi kutentha kwa madzi owira, m'chipinda cha chipolopolo. Ukauma umatuluka ndi maonekedwe enieni a chipindacho, nkuuyeza. Akayesenso ndi tizitsulo ta GO ndi NO-GO: bolt itseke pa koyambako, ikane pa kachiwiriko. Anawaonetsanso kumbuyo kwa chitsulo, pamene mtengo umakonda kung'aluka pa mfuti zokankha kwambiri. Alamu ankalemba zonsezi mufoni. Ine ndinkagwedeza mutu ngati amene ndinawaphunzitsa Oupa.

Ndikanakhala chete apa, lero ndikanakhala ndi nkhope yosalala. Koma Oupa atati tikaiyese kuseri kwa khola, pomwe anaika chandamale patsogolo pa chulu mamita 100, alamu anafunsa ngati imakankha kwambiri.

"Aa, kamwana aka," ndinatero. "Ndiyambe ine muonere."

Oupa ndi wamfupi, khosi ngati la ng'ombe yapangolo, ndipo sikopu anaiika moyenera thupi lawo. Ine ndine nsungwi. Nditakhala pabenchi sindinkaona bwino, ndiye ndinasendeza nkhope kutsogolo mpaka galasi linatsala pang'ono kugunda nsidze. Paja pamafunika mpata wa zala zinayi. Thako la mfuti ndinangoligusitsa paphewa mwaulemu, ngati ndikupereka moni kwa apongozi. Ndinamva Oupa akuyamba kunena chinachake. Chala chinali chitapita kale.

Kulira kwake sindinakumve bwino. Chimene ndinaona ndi nyenyezi, masana dzuwa likuswa mtengo. Chipewa chinagwera kumbuyo, mbuzi za Oupa zinabalalika, ndipo chinthu chofunda chinayamba kutsikira m'diso. Mkombero wa sikopu unali utandidinda kachigamba kokhota ngati mwezi wongooneka kumene.

"Mayo ine, alamu, yandiwombera kumbuyo!"

Alamu anafuna kuthamangira galimoto koma miyendo inawakanika ndi kuseka. Oupa anandipatsa kansalu kopukutira mfuti, konunkha oyilo, kenako anatenga zoonera patali nkuyang'ana chandamale nthawi yaitali. Bowo linali pakatikati penipeni pa kadontho kakuda.

Ndili chigwirire nsidze, ndinayesa kupulumutsako kanthu. Ndinati poti mfuti yavulaza munthu, mtengo utsike. Oupa anayatsanso kaliwo. Anati mfuti imene yalasa pakati ili m'manja mwa munthu ngati ine, akanadziwa akanaitchula R20,000.

Kuchipatala anandisoka masitichi anayi. Nesi atafunsa chachitika, alamu anayankha ndisanatsegule pakamwa, ndipo anafotokoza zonse kuyambira pa Corolla. Mfuti anagula pa mtengo womwewo, mmisiri ataitsimikiza, nkudikira laisensi miyezi ingapo. Nkhani yokha sinadikire. Inafika kwa mlongo wanga usiku womwewo, mmawa inali pa WhatsApp ya banja, ndipo Khirisimasi yapitayi nditangotsika basi pa Dedza boma, mnyamata wa kabaza amene sindimudziwa nkomwe anakuwa, "Tikwere, a 98 model!"